Musaiwale South Carolina pa nkhondo ya ufulu wa America

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko pang'ono. Tikamakamba za nkhondo yomwe anthu a ku America anamenya kuti achoke m'manja mwa Britain, timangomva za Boston ndi tiyi uja anatayidwa m'madzi mu 1773 basi, ngati kummwera anthu ankangogona. Ayi ndithu, ku South Carolina kunali moto.

Mu May 1780 a Britain analanda mzinda wa Charleston nkugwira asilikali a ku America pafupifupi 5,000, mu August anawakwapulanso ku Camden, aliyense nkumati basi zatha izi, koma Francis Marion, wa mbali yofuna ufulu, ndi anyamata ake ochepa ankabisala m'madambo, kutulukira mwadzidzidzi kumenya kenako kuzimiririka mpaka adani mutu unaima. Ku Kings Mountain mu October ankaphana okhaokha anthu a dziko limodzi, ena a mfumu ya ku Britain ena ofuna ufulu. Ndiye ku Cowpens mu January 1781 Daniel Morgan, mkulu wa asilikali a ku America, anaphwasula gulu la a Britain lotsogoleredwa ndi Tarleton, chaka chomwecho Cornwallis, mkulu wa asilikali a Britain, anakagonja ku Yorktown ku Virginia.

Chimandiwawa kwambiri ndi akapolo a m'minda ya mpunga aja, ambiri anathawira kwa a Britain poti ndi amene ankalonjeza kuwamasula. Chonde lembaniko za iwowa.

Ine wowerenga wanu,
Zomba