Za Ashes: tiyang'ane matupi a oponya mpira tisanalosere

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa mkangano womwe wabuka pakati pa ife okonda kriketi pamene England ikupita ku Australia kukasewera Ashes, mpikisano wa maiko awiriwa wa masewero asanu a Test (kriketi ya masiku asanu), kuyambira pa 21 Novembala 2025 mumzinda wa Perth. Ndikudziwa kuti ndife ochepa, ndipo tsamba lanu la masewero limadzaza ndi mpira wamiyendo. Komabe tilipo. Kunyumba kwanga nkhaniyi yatigawa patatu: alamu anga akuti England ipambana, mwana wanga wachisamba akuti Australia isesa masewero onse asanu, ine ndikuti onse awiri akuyang'ana kolakwika.

Ndiyambe ndi alamu anga. Mfundo yawo ndi yoti kuchokera mu 2022, pomwe Ben Stokes anakhala kaputeni ndipo Brendon McCullum mphunzitsi, England inasiya mantha. Apa sindiwatsutsa. Awiriwa asanabwere, timuyi inali itapambana kamodzi kokha pa masewero 17. Chaka chomwecho inakagonjetsa Pakistan kwawo 3-0, ndipo ku Rawalpindi inamenya marani (mapointi a kriketi) 506 pa tsiku loyamba lokha, chinthu chomwe ine ndinali ndisanaonepo. Koma alamu akafika pamenepa amatseka buku. Satchulako zoti mu 2024 anabwerako ku India atakwapulidwa 4-1. Satchulanso zomwe zinachitika mu 2025 pa bwalo la Oval ku London, pomwe England, posewera ndi India, inkafuna marani 374, n'kufika pa 301 itataya mawiketi (omenya mpira ochotsedwa) atatu okha, kenako n'kugonja ndi marani 6. Masewero anali kale m'manja, anawataya okha chifukwa chosafuna kudekha.

Ndiye pali mbiri ya ku Australia komweko, yomwe ndi yowawa kuiwerenga. Pofika Novembala 2025, England inali itapambana komaliza m'dzikomo mu Januwale 2011 ku Sydney, ulendo womwe Alastair Cook anasonkhanitsa marani 766. Kuchokera apo yapitako katatu: 5-0, 4-0, 4-0. Masewero 15, yagonja 13, awiri osapezeka wopambana. Ndimakumbukira bwino m'mawa wa ku Brisbane mu 2021, mpira woyamba weniweni wa mpikisano wonse, Mitchell Starc wa Australia akugwetsa timitengo kumbuyo kwa miyendo ya Rory Burns wa England. Patangopita milungu itatu, ku Melbourne, Scott Boland, yemwe ankasewera Test yake yoyamba, anachotsa anthu 6 atapereka marani 7 okha, England yonse n'kuthera pa 68. Munthu amene akulosera kuti England ipambana ayenera kuyamba watiuza chomwe chasintha kuchokera tsiku limenelo, osangoti anyamata ali ndi mtima.

Mwana wanga naye akulakwitsa mbali inayo. Iye akungotsatira Glenn McGrath, woponya mpira wakale wa Australia, yemwe amalosera 5-0 nthawi zonse Ashes ikayandikira. McGrath ali ndi ufulu wotero, anagwira ntchito yake pabwalo. Koma Australia ya lero si ija ya iye ndi Shane Warne. Chipumireni David Warner mu Januwale 2024, akhala akusinthasintha munthu woyamba kumenya mpira limodzi ndi Usman Khawaja, ndipo Khawaja yemweyo akuyamba mpikisanowu ali ndi zaka 38. Mu Juni 2025 South Africa inawalanda chikho cha dziko lonse cha Test pa bwalo la Lord's ku London, Aiden Markram atamenya 136 ndipo Temba Bavuma akuthamanga motsimphina koma osachoka pabwalo. Ku Perth komwe akuyambirako, India inawagonjetsa ndi marani 295 mu 2024. Pamwamba pa zonsezi, kaputeni wawo Pat Cummins ali ndi vuto la msana ndipo sasewera nawo masewero oyamba. Atsogolera ndi Steve Smith. Timu yotereyi ikhoza kugonjetsedwa.

Tsono ine ndikuti nkhani yagona pa matupi a anthu oponya mpira mwaliwiro. Taonani kalendala. Perth pa 21 Novembala, Brisbane pa 4 Disembala, Adelaide pa 17, Melbourne pa 26, Sydney pa 4 Januwale. Masewero atatu omalizawo apanikizana m'masiku 23, m'nyengo yotentha, pa nthaka yolimba yomwe imabwezera ululu m'mawondo ndi m'msana nthawi iliyonse woponya akaponda. Mpira wa Kookaburra womwe amagwiritsa ntchito kumeneko si ofanana ndi wa Dukes wa ku England. Msoko wake umaphwa msanga, ukangokalamba pang'ono umasiya kukhota m'mwamba, ndipo woponya amene amadalira kukhotako amangokhala chakudya cha omenya. Chomwe chimatsala ndi liwiro ndi kudumpha kwa mpira. A England anazindikira izi, n'chifukwa chake atenga Jofra Archer ndi Mark Wood.

Awiriwa akakhala bwinobwino, palibe womenya mpira amene amagona tulo. Amene anaona Wood ku Headingley mu 2023, atachotsa anthu asanu ndi marani 34, akudziwa chomwe ndikunena. Tsiku limenelo ndi lomwe linatembenuza mpikisano womwe England inali kumbuyo 2-0. Koma pofika Novembala 2025, Wood anali asanasewere Test chiyambire Ogasiti 2024, ndipo mu 2025 momwemo anachitidwa opaleshoni ya bondo. Archer anakhala zaka zoposa zinayi osasewera Test chifukwa cha chigongono ndi msana, anabwerera mu Julayi 2025. Stokes mwiniwake, yemwe amaponya mpaka thupi litakana, anaphonya masewero a ku Oval chifukwa cha phewa. James Anderson, Stuart Broad ndi Chris Woakes onse anapuma. Ndikawafunsa alamu kuti mwa Wood, Archer ndi Stokes ndani adzakhale akuponyabe pofika ku Melbourne, amandiyankha za omenya mpira.

Funso lomweli likugwiranso Australia, musandimve molakwa. Starc, Josh Hazlewood, Boland ndi Nathan Lyon onse ali kumapeto kwa ntchito yawo, wamng'ono mwa iwo akuyamba mpikisanowu ali ndi zaka 34. Kusiyana kwake n'koti iwo akusewera pa mabwalo omwe anakulirapo, ndipo mmodzi akavulala, wolowa m'malo mwake ndi munthu ngati Boland, amene timu ina iliyonse ikanamuika patsogolo.

Chomwe chikundipweteka kwambiri mtima ndi kakonzekeredwe ka England. Mu 2010 timu ya Andrew Strauss inasewera masewero atatu enieni okonzekera isanalowe mu Test yoyamba, ndipo zotsatira zake tinaziona. Ulendo uno akonza masewero amodzi okha, a masiku atatu, ndi timu yawo yomwe yachiwiri. Nkhanga zinapangana kusanapse. Mnyamata amene sanamenyepo mpira wodumpha mpaka pachifuwa ku Perth sangauphunzire pa tsiku la mayeso, anthu zikwizikwi akumukuwiza.

Pali munthu mmodzi amene ndikumufunira zabwino ndi mtima wanga wonse, Joe Root, womenya mpira wa England. Pa marani a Test, womuposa m'mbiri yonse ndi Sachin Tendulkar yekha. Koma ku Australia, pa masewero 14 omwe anali atasewera pofika Novembala 2025, anali asanafikepo pa 100; anathera pa 89 ku Brisbane mu 2021. Anthu ena amagwiritsa ntchito zimenezi pomunyoza, ngati kuti zaka zonse zomwe wanyamula timuyi pamsana n'zopanda pake. Kamenyedwe kake kokankhira mpira mofewa chakumbali, komwe kamamupatsa marani ambiri kwawo, ku Australia kamamugwiritsa m'manja mwa oyimirira kumbuyo chifukwa mpira umadumpha kwambiri. Iye akudziwa zimenezi kuposa tonsefe, ndipo ndikukhulupirira kuti ulendo uno 100 ija aipeza, mwina ku Adelaide.

Kulosera kwanga nkuku: Australia 3, England 1, masewero amodzi osapezeka wopambana, makamaka a ku Sydney komwe mvula imakonda kusokoneza. Ngati England ipambane kwina, kukhale ku Perth, Cummins kulibe ndipo Archer ndi Wood akadali ndi mphamvu zawo zonse. Ikaphonya pamenepo ikakumana ndi Brisbane, bwalo lomwe sinapambanepo chiyambire 1986, ndipo ulendo uno adzasewera masana ndi usiku ndi mpira wapinki. Pa masewero a mtundu umenewu Australia inagonjapo kamodzi kokha, ndi West Indies mu 2024, ndipo palibe woponya amene wachotsa anthu ambiri ndi mpira wapinki kuposa Starc. Kukhala kumbuyo 2-0 kwanu n'kwina, kukhala kumbuyo 2-0 kwa eni ake n'kwinanso.

Pempho langa kwa inu, a Mkonzi, ndi laling'ono. Kuyambira pa 21 Novembala mpaka pa 8 Januwale, tipatseniko kangodya ka tsamba la masewero, ngakhale mizere isanu yokha, yonena marani, mawiketi ndi amene wavulala. Mzere womalizawo ndi umene ine ndidzayambe kuwerenga.

Ine wanu,
Wokonda kriketi ya masiku asanu