Tiphunzitse ana makontena a Linux pa makompyuta akale amene tili nawo

Akonzi,

Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Ulongwe, m'boma la Angonia, ndipo makiyi a chipinda cha makompyuta amakhala ndi ine. Chandilembetsa kalatayi ndi mawu amene ndimawamva kawirikawiri kwa aphunzitsi anzanga a ku Tsangano, ku Domwe ndi kwina, akuti za maseva, makompyuta amene amatumikira makompyuta ena pa netiweki, sitingaphunzitse mpaka titalandira makompyuta atsopano ndi intaneti yosaduka. Mawuwa amandiwawa, chifukwa ana amene ali m'kalasi chaka chino sadzadikira nafe. Adzatuluka akungodziwa kutaipa kalata.

Ife tinali ndi kompyuta imodzi yakale ya RAM ya 4 GB imene inkangodya fumbi pakona. Ndinaipukuta, ndinaikamo Linux yotchedwa Debian 12, ija inatuluka mu 2023, yopanda zithunzi, yopanda mausi. Ukaiyatsa umangoona mdima ndi kamzere kothwanima kakudikira kuti ulembe. Lero kompyuta yomweyo yasenza makontena atatu. Imodzi ili ndi Kiwix, pulogalamu yowerengera Wikipedia popanda intaneti, ina imasunga zolemba za aphunzitsi, yachitatu ndi ya ana, yoti aziiwononga n'kuikonzanso.

Mawu oti kontena asakufikitseni kwa aja amadutsa pamathiraki pa Zobue. Ganizirani nyumba ya lendi ya zipinda zingapo, maziko amodzi, denga limodzi, koma aliyense ali ndi chitseko chake ndi loko wake. Makontena onse amagwiritsa ntchito kernel imodzi ya Linux, imene ili ngati maziko aja, ndiye salemetsa kompyuta monga imachitira virtual machine, imene imakhala ngati kumanga nyumba ina yonse m'kati mwa nyumba. Malire ake ndi akuti Windows singalowe mu kontena yotere. Ndipo izi si zachilendo ayi. Ma cgroups, amene amagawira chipinda chilichonse muyezo wake wa memory ndi mphamvu, analowa mu kernel mu 2008, LXC, pulogalamu yopangira makontena, n'kutuluka chaka chomwecho. Docker, pulogalamu inanso ya makontena imene achinyamata amaitchula kwambiri, inabwera mu 2013. Ine ndimakonda LXC pophunzitsa chifukwa mwana amalandira Linux yathunthu, ya adiresi yakeyake ya pa netiweki, osati pulogalamu imodzi yokha.

Kupanga kontena n'kosavuta. Umalemba lxc-create -n laibulale -t download, imakufunsa mtundu wa Linux umene ukufuna, ukatero lxc-start -n laibulale kuidzutsa, lxc-attach -n laibulale kulowamo. Data umawononga tsiku loyamba lokha, chifukwa zinazo umangokopera ndi lxc-copy.

Pamene pagona nkhani ndi pa netiweki, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa mphwayi. Nditalemba lxc-ls -f ndinaona kontena yanga ili RUNNING, adiresi yake yoyamba ndi 10.0.3. Pa kompyuta yakaleyo zonse zinkayenda. Koma ana atalemba nambala imeneyo pa makompyuta awo, palibe chinatseguka. Ndinakhala madzulo awiri m'chipindamo, alonda atatseka kale geti, ndisanamvetse chifukwa chake. LXC imadzipangira mlatho wake wolumikiza makontena wotchedwa lxcbr0, pulogalamu ya dnsmasq n'kumagawa maadiresi kumeneko, ndipo makontena amatuluka kudzera pa NAT. Zili ngati mpanda wa geti limodzi limene limatseguka kuchokera m'kati mokha: wa m'kati akhoza kupita kumsika n'kubwerera, koma mlendo sangalowe pokhapokha mwini mpanda atamukonzera njira.

Ndinayesa kumanga mlatho wanga pa WiFi, kompyuta inayankha kuti Operation not supported. Apa aphunzitsi anzanga asatayepo nthawi. Rauta ya WiFi imalandira MAC adiresi (nambala yozindikiritsa khadi ya netiweki) ya chipangizo chimene chinalumikizana nayo basi, pamene kontena iliyonse imabwera ndi MAC yake. Mawa lake ndinagula waya wa netiweki, ndinaukhomera m'mbali mwa khoma mpaka pa rauta, n'kupanga mlatho wa br0 mu /etc/network/interfaces. Chenjezo langa ndi lakuti adiresi ya kompyuta imayenera kusamuka kuchoka pa khadi kupita pa mlathowo, ndiye ngati mukugwira ntchitoyi muli patali kudzera pa SSH, mudzadzitsekera kunja. Zinandichitikira. Khalani pafupi ndi kiyibodi yake. Nditasintha mzere umodzi mu /var/lib/lxc/laibulale/config kuti ukhale lxc.net.0.link = br0, kontena inalandira adiresi kuchokera ku rauta ngati kompyuta ina iliyonse m'chipindamo.

Woyamba kuyesa anali mtsikana wa kalasi 11. Analemba manambala aja ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono, akuyang'ana pa bolodi, Wikipedia ya Chipwitikizi n'kutseguka. Sanafunse chilichonse. Anangoyamba kufufuza za matenda a kachewere, poti kwawo amalima zimenezo ndipo masamba anali atayamba kuda. Patatha sabata ziwiri ndinamupeza akuthandiza anyamata awiri kupeza chifukwa chimene kontena yawo sinkalandira adiresi, ndipo iye ndi amene anaona kuti analakwitsa dzina la mlatho.

Magetsi akathima n'kuyakanso, makontena sadzuka okha ngati simunalembe lxc.start.auto = 1 mu config. Zimenezinso ndinaziphunzira m'mawa wina kalasi yonse ikundiyang'ana.

Vuto lina limene sitilikamba ndi chilankhulo. Malangizo ambiri a LXC ali m'Chingerezi, ana athu amaphunzira m'Chipwitikizi, koma akamathandizana paokha amalankhula Chichewa. Ndaona ndi maso anga kuti ndikanena kuti veth ndi chingwe cha mbali ziwiri, mbali ina mu kontena, ina pa mlatho, nkhope zimawala kuposa ndikawerenga tanthauzo la m'buku. Anzathu a ku Dedza ndi ku Ntcheu ali ndi mwayi wa Chingerezi, ife tili ndi Chipwitikizi, koma Chichewa ndi chathu tonse mbali zonse za malire.

Choncho ndikupempha inu Akonzi kuti mutipatseko kadanga m'nyuzipepala yanu, ngakhale kamodzi pamwezi, koti amene tikugwira ntchitozi tizifotokozerana m'Chichewa, malamulo ake tikuwalemba monga alili. Ndikupemphanso amene amaphunzitsa aphunzitsi kuno ku Tete kuti asamalekezere pa Word ndi Excel, awakhazike ophunzira awo kutsogolo kwa sikirini yakuda ija. Ine ndakonzeka kutumiza nkhani yoyamba, yofotokoza kamangidwe ka br0 mzere ndi mzere, mukangondivomera.

Ndine wanu,
Mphunzitsi wa makompyuta,
Ulongwe, Angonia