Za mankhwala otsukira mano opanga wekha

Mnzanga wokondedwa,

Ndikukhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi ana kumeneko ku Johannesburg. Ife kuno tilipo, ndipo mayi ako ndinaonana nawo Lamulungu, akupereka moni.

Funso lako lija, loti kodi ungasiye kugula Colgate n'kumapanga wekha monga waonera pa Facebook, sindinafune kuliyankha mothamanga pa foni. Ndikukumvetsa. Kunonso chigwere kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ngakhale kachubu kakang'ono munthu amayamba wakaganizira asanakagule.

Kapangidwe kake n'kosavuta. Tenga masupuni awiri a soda, yemweyu timathira mu therere, usakanize ndi masupuni awiri a mafuta a kokonati mpaka zichite phalaphala. Ukafuna uwonjezere kamchere kosalala ka pa nsonga ya supuni. Usunge m'kabotolo kotsuka bwino ndi kovundikira, ndipo uzitapa ndi supuni youma. Aliyense akamaviikamo mswachi wake ndiye kuti mukugawana tizilombo. Uzipanga zochepa, zongokwana sabata imodzi kapena ziwiri. Mafuta amenewa amagwirana kukazizira, choncho m'nyengo ya Juni kumeneko udzapeza zauma, usadabwe. Pomaliza usamalavulire mu sinki, mafutawo amatseka mapaipi.

Soda amachotsadi litsiro lomatirira pa mano ndipo amachepetsa asidi wa m'kamwa, n'chifukwa chake fungo limachepa. Zimene ndikukupempha ndi mtima wonse n'zoti usathiremo mandimu kapena vinega, ngakhale akuuze kuti zimayeretsa. Asidi wake amadya chigoba cholimba cha kunja kwa dzino, ndipo chigobacho chikatha sichimeranso. Makala osinja ndi phulusa nawonso amapala dzino ngati mchenga wokwechera poto: masiku oyamba limawala, kenako uyamba kumva kunyerenyetsa ukamwa madzi ozizira. Inde agogo athu ankagwiritsa ntchito makala, koma iwo sankamwa tiyi wa shuga wambiri m'mawa ndi madzulo, komanso masiwiti ndi zakumwa zam'mabotolo ankaziona pa Khirisimasi basi.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi ana. Mankhwala opanga tokhawa alibe fluoride, mankhwala olimbitsa mano, ndipo fluoride ndiye amagwira ntchito yaikulu mu chubu cha m'sitolo, osati thovu kapena kafungo kabwinoko. Tizilombo ta m'kamwa tikadya shuga timatulutsa asidi amene amasungunula dzino pang'onopang'ono mpaka libowoke. Fluoride amathandiza kuti malo ofookawo alimbenso lisanabowoke. Ukayang'ana kuseri kwa chubu upeza palembedwa nambala ya pakati pa 1,000 ndi 1,500 ppm, yosonyeza kuchuluka kwa fluoride. Chimenecho m'khitchini sungachipange.

Ndikudziwa uti, nanga mano ofiirira aja timawaona kwa anthu ena a ku Nathenje? Zoona, amenewo ndi fluoride wochuluka kwambiri m'madzi a m'mijigo, amene mwana amamwa tsiku ndi tsiku mano ake akukula. Zimenezo n'zosiyana ndi kamankhwala kopaka pa mswachi n'kulavula. Chofunika n'kuyeza: kwa wamng'ono uja amene sanakwane zaka 3, kadontho kofanana ndi njere ya mpunga, kwa wamkuluyo, mpaka zaka 6, kofanana ndi nsawawa imodzi. Uziwayang'anira kuti asameze. Ukamayeza chonchi chubu chimodzi chimakhalitsa, pakuti ambirife timadzaza mswachi wonse pomwe sizofunika.

Ndiye maganizo anga ndi awa. Ngati ndalama zavuta, gula kachubu kamodzi, kotchipa kalikonse bola kakhale ndi fluoride, kakhale ka ana komanso kako ka usiku. Usiku ndiye nthawi yofunika kwambiri chifukwa malovu amachepa munthu akagona. Ukatsuka ungolavula, usachukuche ndi madzi. Za sodazo uzigwiritse ntchito iweyo m'mawa, mosakhula mwamphamvu.

Tsiku limene palibiretu chilichonse, usagone osatsuka. Mswachi ndi madzi okha kwa mphindi ziwiri zimachotsa litsiro lambiri. Ngakhale kamtengo ka nimu kotafuna kunsonga mpaka kachite manyenje kamagwira ntchito, ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linavomereza timitengo totsukira mano mu 1986 m'madera amene anthu anazolowera kutero.

Unandiuzanso kuti nkhama zako zimatuluka magazi ukamatsuka. Chimenecho soda sangachize. Usasiye kutsuka pamalo potuluka magazipo, uzitsuka mofatsa, ndipo zikapitirira masabata awiri upite ku kiliniki akakuone a mano dzino lisanayambe kugwedera. Undiuze zimene akakuuze.

Upereke moni kwa bambo a ana ndi anawo.

Ndine mnzako wa kuno kumudzi