Dandaulo pa bokosi la chimbudzi cha amphaka limene munandigulitsa

Dedza Boma

Kwa Oyang'anira Malonda,
Sitolo ya Zipangizo za Ziweto,
Lilongwe.

Bwana,

Ndine kasitomala wanu wa kuno ku Dedza, ndipo ndaganiza zolemba kalata chifukwa mafoni atatu amene ndinaimba ndi mauthenga amene ndinatumiza pa WhatsApp sanaphule kanthu. Kumayambiriro kwa mwezi wa Juni ndinagula kwa inu bokosi la pulasitiki lokhala ndi chivindikiro, loti amphaka azidzithandiziramo, pamodzi ndi thumba la mchenga wake la makilogalamu 10. Ndinalipira K46,000 kudzera pa foni, kuphatikizapo ya thiransipoti, ndipo katunduyo anabwera pa minibasi m'mawa mwake. Chimene ndinalandira si chimene tinagwirizana.

Ndili ndi amphaka awiri, wamkazi wa zaka 11 ndi wamphongo wamkulu thupi wa zaka 3. Kunyumba kwathu amphakawa ndi antchito, pakuti ndiwo amalondera matumba a chimanga ndi mbatata ya kachewere m'chipinda chosungiramo zokolola, ndipo chibwerereni iwo makoswe tinawaiwala. Kale ankatuluka usiku pa zenera kukadzithandiza kudimba, koma wamkaziyo wakalamba, miyendo yakumbuyo yayamba kuuma, ndipo aliyense wodziwa Dedza akudziwa mmene chisanu cha Juni ndi Julayi chimalumira kunsi kwa phiri kuno. Agalu oyendayenda atamuthamangitsa kawiri, ndinaona kuti ndi bwino onse awiri azigona m'nyumba, ndipo m'pamene ndinakufunani.

Zonsezi ndinamufotokozera mnyamata amene anayankha foni kusitolo kwanu. Ndinanena momveka bwino kuti amphaka ndi awiri, wina ndi wamkulu ndipo wina satha kudumpha. Iye anandiuza kuti bokosilo ndi lotalika masentimita 55, kuti limodzi lomwelo likwanira onse awiri, komanso kuti la chivindikiro ndilo labwino chifukwa fungo silituluka. Ndinamukhulupirira, popeza iye ndiye amagwira katunduyu tsiku ndi tsiku pamene ine ndinangoona chithunzi pa foni.

Bokosilo litafika ndinaliyeza ndi tepi yosokera zovala, ndipo m'kati mwake, mmene mphaka amaimamo, ndinapeza masentimita 38 okha. Mphaka wamphongo, kuchokera pamphuno kufika pamene mchira wayambira, ndi masentimita 45. Ndamva tsopano kwa odziwa za ziweto kuti bokosi loyenera limatalika kamodzi ndi theka kuyerekeza ndi thupi la mphakayo, kuti athe kutembenuka, kufukula ndi kukwirira, kutanthauza kuti wangayu amafunika la masentimita pafupifupi 68. Ngakhale masentimita 55 amene ndinalonjezedwa aja sakanakwanira. Ndinamuona ndi maso anga akulowetsa mutu ndi miyendo yakutsogolo, kumbuyo konse kuli panja, kenaka nkubwerera chambuyo osabwererakonso. Khomo nalo lili pamtunda wa masentimita 20 kuchokera pansi ndipo lili ndi kachitseko kokankha ndi mutu. Wokalambayo anaima pamenepo nthawi yaitali, ataika mwendo umodzi pamphepete, akulira chapansipansi, mpaka anachokapo. Zinandimvetsa chisoni kwambiri, chifukwa bokosilo ndinagulira iyeyo.

Za mchenga sindinafunsidwe nkomwe. Munanditumizira wothira mafuta onunkhira, fungo lake ngati la sopo wochapira, lomwe linadzaza nyumba yonse titangotsegula thumba. Mphuno ya mphaka imamva fungo kuposa yathu, ndipo ambiri amakana mchenga wonunkhira chotere. Chivindikiro chimene munachitamanda chija chimathandiza mphuno ya munthu yekha, pakuti fungo la mkodzo limatsekeredwa m'katimo ndipo mphaka ndiye amalipuma. Komanso nkhani yoti bokosi limodzi likwanira inali yosocheretsa: malangizo odziwika ndi akuti mabokosi achuluke ndi limodzi kuposa chiwerengero cha amphaka, ndiye kuti kwa amphaka awiri pafunika atatu, oikidwa malo osiyana, kutali ndi mbale za chakudya ndi madzi. Munthu wogulitsa zipangizo za ziweto ayenera kudziwa zimenezi asanalandire ndalama ya munthu.

Masiku asanu otsatira anali ovuta. Amphaka amene sanaipitsepo m'nyumba anayamba kutaya madzi pamphasa ya pabalaza ndi pangodya ya thumba la chimanga, moti ndowa ziwiri za chimangacho tinataya. Nditaona wamphongo akunjuta pafupipafupi m'malo osiyanasiyana ndinachita mantha, chifukwa mphaka wamphongo njira ya mkodzo ikatsekeka amatha kufa m'masiku ochepa. Ndinamunyamula m'katoni kupita naye kwa alangizi a ziweto, amene anamupima nkundiuza kuti alibe vuto, koma akusowa malo oti adzithandizire.

Pali chinanso chimene chinandikhudza kuposa chimanga. M'nyumba muno tikukhala ndi mpongozi wanga amene ndi woyembekezera, ndipo chimbudzi cha mphaka chimatha kukhala ndi tizilombo toyambitsa matenda a toxoplasmosis, omwe ndi oopsa kwa mwana wosabadwa. Tizilomboti timayamba kupatsira pakapita tsiku limodzi mpaka masiku asanu chimbudzicho chitatuluka, n'chifukwa chake chimayenera kuchotsedwa tsiku lililonse, ndipo mayi woyembekezera sayenera kugwira ntchitoyi. Chimbudzi chikakhala pamalo amodzi, ine ndimachotsa m'mawa nkusamba m'manja ndi sopo, nkhani yatha. Koma chikamwazika m'nyumba, ndani angadziwe pamene mwana wa eni ake akagwire posesa? Kafosholo kochotsera zoipa, kamene kanali pachithunzi chanu, m'katoni munalibe, ndipo kokolera kamodzi ka chivindikiro kanabwera kali kothyoka kale.

Chimene chinatipulumutsa ndi mabeseni awiri aakulu ochapira amene ndinagula pamsika wa pa boma pano. Limodzi ndinalidula mbali imodzi ndi mpeni wotentha kuti khomo likhale lotsika, masentimita 8 okha, ndipo onse ndinathiramo mchenga wa kumtsinje wosefa ndi wouma, wokuya ngati masentimita 5. Usiku womwewo amphaka onse awiri anadzithandiziramo nkukwirira bwinobwino, ndipo kuyambira tsiku limenelo m'nyumba simunaipitsidwenso. Ndanena zimenezi kuti pasakhale wina wonena kuti vuto ndi amphaka anga, monga mmene anandiyankhira wantchito wanu pa foni yachiwiri, pamene anati amphaka a kumudzi sazolowera zinthu zamakono.

Pa foni yachitatu ndinauzidwa kuti katundu wotere akagwiritsidwa ntchito sabwezedwa. Lamulo limenelo ndikulimvetsa, koma bokosili palibe mphaka amene analigwiritsapo ntchito, ndipo dandaulo langa lagona pa mfundo yakuti munanena masentimita 55 nkutumiza 38. Uthenga wa mnyamata uja wonena za muyesowo ndikadali nawo mu foni, pamodzi ndi uthenga wotsimikiza kuti ndalama munalandira, ndipo zithunzi za bokosilo tepi ili pamwamba ndaziphatikiza ndi kalatayi.

Choncho ndikupempha kuti mundibwezere ndalama yanga yonse, K46,000, ndipo mukonze nokha njira yotengera bokosi lanu ndi mchenga wotsalawo, chifukwa sikoyenera kuti ndilipirenso ulendo wa makilomita oposa 80 kukabweza chinthu chimene sindinalakwitse ine. Za chimanga ndi ulendo wa kwa alangizi sindikufuna chipukuta misozi. Ndikupemphanso kuti muziyika muyeso weniweni wa m'kati mwa bokosi pachithunzi chilichonse, ndipo antchito anu aphunzitsidwe kufunsa kukula, zaka ndi chiwerengero cha amphaka asanalangize kasitomala, makamaka ife a kutali amene timagula osachigwira chinthucho m'manja.

Ndidikira yankho lanu lolembedwa kwa masiku 14 kuchokera tsiku limene mulandire kalatayi. Masikuwa akadutsa osamva kanthu, ndidzapereka nkhaniyi ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission, limene limalandira madandaulo a anthu ogula, ndipo ndidzatumizako umboni womwewu.

Ine kasitomala wanu,
Wa ku Dedza Boma