Nyale ya Epictetus ndi mnyamata wa pamsika

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule pang'ono. Loweruka lapitali pamsika wina muno mu Chipata ndinaona khamu likumenya mnyamata yemwe amati waba foni. Ena mwa oponya miyalawo sankadziwa n'komwe mwini foniyo. Ine ndinaima chapatali, ndipo ndisaname, mtima unkati akhaule, poti chaka chatha anandibera njinga imene ndinkatutira mtedza kumunda.

Ndikubwerera kunyumba wapansi ndinakumbukira Epictetus, Mgiriki yemwe ndinkakonda kuwerenga za iye ndili pauphunzitsi. Anabadwira ku Hierapolis, mzinda wa m'dziko lomwe lero ndi Turkey, cha m'ma 50 AD, nakulira mu ukapolo ku Rome, m'manja mwa Epaphroditus, mlembi wa mfumu Nero. Anali wolumala mwendo. Atamasulidwa anayamba kuphunzitsa, koma mfumu Domitian itapirikitsa aphunzitsi a nzeru mumzindawo, iye anakatsegula sukulu ku Nicopolis, mzinda wa ku Greece. Mawu ake anatisungira ndi wophunzira wake Arrian.

Mkuluyu anali ndi nyale yachitsulo. Tsiku lina anamva kugogoda pawindo, pothamangirako n'kupeza nyale yapita. Sanakuwe. Anangoti mawa wakubayo adzapeza yadothi. Kwa ophunzira ake anati wakubayo nyaleyo sanaitenge ulere: anaigula ndi kukhulupirika kwake, nasanduka mbala chifukwa cha nyale.

Chiphunzitso chake chagona pamenepa. Katundu, thupi, udindo ndi zimene anthu amatinenera, zonsezi sizili m'manja mwathu. Zathu ndi maganizo athu ndi zomwe tasankha kuchita. Tsono ngati wakuba analipira nyale ndi ulemu wake, nanga bambo wa ana amene watola njerwa n'kuphwanya nayo mutu wa mwana wa mnzake chifukwa cha foni ya eni, walipira ndi chiyani?

Sikuti ndimavomera zonse za mkuluyu ayi. Nyale yadothi imawala ndithu, koma njinga yadothi kulibe, ndipo mtedza wanga chaka chino ndasenza pamutu ngati mnyamata, mawondo ali kulira. Wakuba agwidwe, apite kupolisi, akaweruzidwe kukhoti.

Chikundisowetsa tulo n'chakuti Loweruka lija khamu silinali m'manja mwanga, koma foni yanga inali m'thumba, ya mayunitsi ake. Apolisi sindinawaimbire.

Mphunzitsi wopuma pantchito,
Chipata