Loweruka tiyatsa LED yathu yoyamba

Anzathu ophunzira za electronics,

Loweruka likudzali tikumana pamalo athu aja kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 12 koloko masana. Ntchito ndi imodzi: kuyatsa LED (kababu kakang'ono kosadya magetsi ambiri) ndi batire la 9V pa breadboard (kabolodi ka timabowo tolowetsamo zipangizo ndi mawaya), popanda kuwotcherera chilichonse.

LED yofiira imangofuna pafupifupi 2V. Mukailumikiza kubatire mwachindunji, imapsa msanga. N'chifukwa chake tidzaika resistor (kachipangizo kochepetsa magetsi odutsa) ya 470 ohm pakati pa batire ndi LED, kuti magetsi odutsamo akhale pafupifupi 15mA. Aliyense adzawerengetsa yekha ndi lamulo la Ohm (magetsi odutsa amapezeka pogawa ma volt a pa resistor ndi ma ohm ake), kenako n'kuyeza ndi multimeter (chipangizo choyezera magetsi) kuti aone ngati zikugwirizana. LED ikakana kuyaka, musathamangire kufunsa. Yambani mwaitembenuza, poti mwendo wautali ndiwo umapita ku positive.

Mubwere ndi batire la 9V, kope, cholembera, ndi K3,000 yogulira ma LED, ma resistor ndi mawaya. Amene muli ndi multimeter, itengeni tibwerekane. Tochi kapena wailesi yakufa nayonso ibwere, tidzaiphwasula.

Chilichonse cholumikiza kusoketi chisiyeni kunyumba. Magetsi a 230V amapha, ndipo sitinafike poti n'kuwakhudza.

Yankhani pofika Lachinayi madzulo ngati mubwera, tidziwe kuchuluka kwa zipangizo zogula.