Munagwetsa mwezi umodzi, kumanga kwatenga zaka 4: tiuzeni zoona

Akuluakulu a kampani imene inapatsidwa ntchito yokonzanso pakati pa mzinda wathu, ndalemba pano poyera chifukwa makalata awiri amene ndinasiya ku ofesi kwanu sanayankhidwe mpaka lero.

Papita zaka 4 chigwetsereni nyumba zakale za mumsewu wathu. Mwezi usanathe zonse zinali pansi. Kenako munatchinga malowo ndi malata n'kukhomapo chikwangwani cha chithunzi cha nyumba zosanja, mitengo ndi ana akusewera. Chithunzicho chinafwifwa ndi dzuwa moti nkhope za anawo sizikuonekanso. Munthu ukasuzumira pampata wa malata umangoona dzenje la maziko litadzaza madzi obiriwira, zitsulo zitachita dzimbiri, udzudzu uli ng'waa. Mayi anga ndi okalamba, amayendera ndodo. Kanjira kamene ankadutsa popita kuchipatala munakatseka, ndiye amazungulira mpanda wonsewo, kuima katatu panjira, dzanja litatsamira malata otentha. Ndikawaona choncho mtima umandiwawa.

Musaganize kuti sindidziwa kuti ntchito yotere imatenga nthawi. Pakati pa mzinda si patchire. Kachigawo kalikonse kali ndi mwini wake, wina amafuna chipukutamisozi, wina amathamangira kukhoti. Pansi pa nthaka pali mapaipi a madzi, a zonyansa ndi mawaya a magetsi amene muyenera kuwasuntha musanathire simenti, ndipo ndalama za ngongole sizituluka tsiku limodzi. Ku Hamburg, m'dziko la Germany, pulani yomanganso dera la HafenCity, malo a mahekitala 157, inavomerezedwa mu 2000, koma mpaka pano akumangabe. Zonsezi ndikuzimvetsa.

Koma taonani mmene anzanu amachitira. Ku dera la King's Cross mu London chilolezo chomanganso chinaperekedwa mu 2006, ndipo pofika 2012 bwalo la Granary Square linali litatsegulidwa, anthu akukhalapo, ana akusewera m'madzi, kwinaku ntchito ikupitirira mbali zina. Ku Seoul, m'dziko la South Korea, anayamba kuphwasula msewu wam'mwamba umene unaphimba mtsinje wa Cheonggyecheon mu 2003, mu 2005 anthu anali akuyenda kale m'mbali mwa madziwo. Ku King's Cross kuja ankamaliza chigawo chimodzi, kuchibweza kwa anthu, n'kupita ku china. Nanga inu munagwetseranji zonse pakamodzi ndalama zomangira zisanakwane? Anthu amene munawasamutsa mukuwalonjeza kuti adzabwerera anabalalika, ena sitidziwa n'komwe kumene ali. Usiku msewu wonse uli bii, akazi amaopa kudutsa okha.

Tikafunsa alonda anu pageti amangoti ntchito iyambiranso posachedwa. Posachedwa ameneyu takhala tikumumva kuyambira chaka chatha chija, ndipo si mlandu wawo, nawonso sauzidwa kanthu.

Ngati ntchitoyi itenge zaka 15, nenani choncho, tidzipangire mapulani athu. Chotsani chithunzi chija muikepo madeti: chigawo choyamba chitha liti, chachiwiri chiyamba liti, chakuimitsani n'chiyani. Podikira zimenezo, popani madzi m'dzenjemo mvula isanabwere, bwezeretsani magetsi a mumsewu, ndipo dulani kanjira pakati pa mpandawo kuti mayi anga azifika kuchipatala osazungulira. Yankho lanu mulilembe pompano, pamene aliyense wa mumsewu muno angaliwerenge.